Kuchoka pa Kandege ka Pulopela Kufika pa Jeti

Anzanga ambiri pasukulu pano, akafunsidwa ntchito imene afuna kudzagwira atatsiriza maphunziro, amayankha msanga kuti adzakhala oyendetsa ndege. Kulakalaka ntchito yotere nkwabwino ndithu. Koma pocheza nawo ndapeza kuti ambiri amayesa kuti munthu akangodziwa kuulutsa kandege kakang'ono, basi wamaliza, chotsala nkungokwera ndege yaikulu ndi kuchita zomwezo. M'nkhani ino ndifuna kulongosola chifukwa chake sizili chomwecho. Ndege ya jeti si kandege kamene kangonenepa ayi. Ili ndi makhalidwe akeake, ndipo munthu wozolowera ndege ya pulopela ayenera kubwerera m'kalasi, kutaya zizolowezi zina ndi kutola zatsopano, asanaloledwe kunyamula anthu.

Tiyerekeze ndege ziwiri

Poyamba tiyeni tiike ndege ziwiri pamodzi ndi kuziyerekeza. Yoyamba ndi Cessna 172, kandege kamene anthu ochuluka pa dziko lapansi amaphunzirira. Kali ndi mipando inayi ndi injini imodzi yozunguza pulopela, chitsulo chija chimakupiza mphepo kumphuno kwa ndege. Kakadzaza kamalemera makilogalamu ngati 1,100, monga galimoto yaing'ono, ndipo kamauluka pa liwiro la makilomita pafupifupi 220 pa ola.

Yachiwiri ndi Boeing 737-800. Iyi ikhoza kunyamula anthu mpaka 189, ndipo ikadzaza imalemera matani 79, ndiko kunena kuti tindege ta Cessna 70 pamodzi. Liwiro lake kumwamba ndi makilomita ngati 830 pa ola. Chodabwitsa nchakuti pamene ikutsikira pabwalo kuti itere, nthawi imene ikuyenda pang'onopang'ono koposa, imakhala ikuthamanga makilomita ngati 260 pa ola. Liwiro limeneli likuposa la Cessna ili pakati pa ulendo.

Tsono taonani tanthauzo lake. Pa mphindi imodzi Cessna siyenda ngakhale makilomita 4, pamene Boeing imayenda makilomita 14. Woyendetsa kandege akasokonezeka, ali nayo nthawi yoyang'ana pansi, kufunafuna mtsinje kapena phiri lodziwika, ndi kukonza njira yake. Woyendetsa jeti akasokonezeka mphindi ziwiri zokha, ali kale kutali ndi pamene amayesa kuti ali. Chifukwa chake aphunzitsi a ntchitoyi amabwereza mfundo imodzi kosalekeza: maganizo a woyendetsa azifika pamalo ndege isanafikepo. Zonse zimene ndilembe m'munsimu zikuchokera pa mfundo imeneyi.

Makwerero oyamba

Malamulo a ntchito ya ndege amakhazikitsidwa ndi bungwe la maiko onse lotchedwa ICAO, limene likulu lake lili ku Montreal m'dziko la Canada, ndipo dziko lililonse limapanga malamulo ake motsata amenewo. Chiphaso choyamba nchoulutsira ndege mwa iwe wekha, osalipidwa. Munthu angachilandire ali ndi zaka 17, atauluka maola osachepera 40. Chachiwiri nchogwirira ntchito yolipidwa, ndipo chimafuna zaka 18 ndi maola 200, kapena 150 ngati munthu waphunzira pasukulu yovomerezeka kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto. Pambali pa izi wophunzira amayesedwa kuulutsa ndege ya mainjini awiri, ndiponso kuuluka m'mitambo osaona kunja, kudalira mawotchi a m'ndege okha. Chiphaso chachikulu, chimene kaputeni wa ndege yonyamula anthu ambiri ayenera kukhala nacho, chimafuna maola 1,500.

Pafupifupi maola onse oyambawa amauluka m'tindege ta pulopela, pakuti jeti imamwa mafuta ambiri ndipo palibe angaibwereke kwa wophunzira. Chotero mnyamata kapena mtsikana amafika pakhomo pa kampani ya ndege ali ndi ziphaso m'thumba, koma asanagwirepo jeti ndi kamodzi komwe.

Phunziro lowawa la oyamba

Kuti mpata umenewu ngwaukulu anthu anazindikira mowawa. Jeti yoyamba kunyamula anthu olipira inali de Havilland Comet ya ku Britain, imene inanyamuka ku London pa 2 Meyi 1952 kupita ku Johannesburg, ndipo panjira inatera ku Entebbe ndi ku Livingstone. Oyendetsa ake anali akatswiri enieni, koma ukatswiri wawo wonse anaupeza pa ndege za pulopela.

Pa 26 Okutobala 1952 Comet ina inalephera kunyamuka ku Rome, nigwera kunja kwa bwalo, ngakhale palibe anafa. Pa 3 Malichi 1953 zomwezo zinachitikanso usiku ku Karachi, ndipo anthu onse 11 anali m'ndegemo anafa. Pa ngozi ziwiri zonsezi mphuno ya ndege inakwezedwa kwambiri liwiro lisanakwane, kotero kuti ndege inangokankhana ndi mphepo osatha kuwonjeza liwiro kapena kudzuka. Poyamba mlandu unagwera oyendetsa okha, koma pambuyo pake opanga ndegeyo anasintha mapiko ake. Kuyambira nthawi imeneyo kunyamuka kwa jeti kunaleka kukhala chinthu chongomvera m'manja, kunasanduka masamu.

Masamu ake ndi awa. Ulendo uliwonse usanayambe, oyendetsa amawerengera maliwiro atatu. Loyamba, V1, ndilo malire a kuganiza: injini ikafa liwiro lisanafike pamenepo, aime, ikafa atapitirira, apitirize kunyamuka ndi injini yotsalayo, pakuti msewu wotsala sungakwanenso kuimitsa ndege. Lachiwiri, VR, ndi pamene mphuno ikwezedwa, mofatsa ndi mwa muyeso. Lachitatu, V2, ndilo liwiro lokwerera bwino ndi injini imodzi. Manambala amenewa amasintha malinga ndi kulemera kwa ndege, kutalika kwa msewu wothamangapo, kutentha kwa tsikulo ndi kukwera kwa malo. Bwalo la Kamuzu ku Lilongwe lili pamtunda woposa mamita 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo masana a mwezi wa Okutobala mpweya umakhala wopyapyala, kotero ndege ifuna msewu wautali kuposa m'mawa wa mwezi wa Juni.

Apa chizolowezi chakale chingathe kupha. Wa kandege ka injini imodzi anaphunzira kuti injini ikafa, afunefune dambo kapena munda woti aterepo. Wa jeti ayenera kuphunzitsa manja ake kuchita zosiyana, ndiko kuchotsa dzanja pa ndodo za moto atadutsa V1 ndi kupita kumwamba, ngakhale mtima ukumuuza kuti aime.

Injini yochedwa kuyankha

Kusiyana kwachiwiri kuli pa injini. Injini ya kandege ifanana ndi ya galimoto: ukaipatsa moto imayankha pomwepo. Ndiponso pulopela imaponya mphepo yamphamvu pamwamba pa mapiko, kotero kuti mapikowo amawonjeza kunyamula nthawi yomweyo. Woyendetsa akaona kuti watsika kwambiri, amangokankha ndodo ya moto, ndipo kandege kamadzuka.

Jeti ilibe chifundo chotere. M'kati mwa injini yake muli magudumu a zitsulo olemera amene ayenera kuyamba azungulira mwamphamvu asanapereke mphamvu, ndipo kuchokera pa moto wochepetsetsa kufika pa moto wonse pangathe kupita masekondi 6 mpaka 8. Mphepo yake imatulukira kumbuyo, sidutsa pamwamba pa mapiko. Wina anganene kuti masekondi 8 nchiyani? Awerengere yekha: pa makilomita 260 pa ola, ndege imayenda kupitirira theka la kilomita pa nthawi imeneyo, uku ikutsikabe.

Pa 11 Novembala 1965 Boeing 727 inali kutsikira ku Salt Lake City m'dziko la America. Inatsika mofulumira koposa muyeso, mainjini ali pa moto wochepa. Wothandiza atafuna kuwonjeza moto, kaputeni, munthu amene anali atauluka maola zikwi zambiri, anamletsa. Pamene anadzawonjeza kunali kutachedwa. Ndege inamenya pansi isanafike pamsewu wake, nigwira moto, ndipo mwa anthu 91 anafa 43.

Lero makampani ali ndi lamulo lolimba. Ndege ikafika mafiti 1,000 pamwamba pa bwalo, kapena 500 kukakhala koyera, zonse zikhale zitakonzeka: matayala atsitsidwa, liwiro lili pa nambala yake, katsikidwe nkoyenera, ndipo mainjini adzuka kale. Chikasowa chimodzi, oyendetsa awonjeze moto, akwerenso, akazungulire ndi kuyesanso. Wophunzira amauzidwa kuti kubwerera kumwamba si manyazi. Manyazi nkukakamira kutera.

Ngakhale kateredwe komwe nkosiyana. Kandege amakagwira pamwamba pa msewu mpaka liwiro lithe, kenaka kamakhala pansi kokha. Jeti ukaichita chomwecho imayandama nimadya msewu wonse, ndiye ayenera kuiika pansi molimba pamalo oikika.

Kumwamba kwenikweni

Kachitatu, jeti imakhala m'dziko lina. Tindege tambiri timauluka pansi pa mafiti 10,000, ndiko kuti pafupi ndi msinkhu wa Sapitwa pa phiri la Mulanje, amene ali mamita 3,002. Jeti imauluka pa mafiti 35,000 kapena kuposa, pafupifupi mamita 11,000. Kumeneko kuzizira kumapitirira madigiri 50 pansi pa ziro, ndipo mpweya sufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a umene uli m'mbali mwa nyanja yamchere.

M'ndegemo amapopamo mpweya kuti anthu apume bwino. Koma ukathawa mwadzidzidzi pa mafiti 35,000, munthu amakhala ndi nzeru zake kwa masekondi 30 mpaka 60 okha. Choopsa nchakuti wosowa okosijeni samva kuwawa. Amayamba kuchita zopusa uku akuyesa kuti zonse zili bwino. Chifukwa chake wophunzira amabwereza kambirimbiri mpaka manja azolowere: choyamba avale chopumira mpweya, asanalankhule kapena kukhudza china chilichonse, kenaka atsitse ndege msanga kufika pa mafiti 10,000.

Mpweya wopyapyala umavutitsanso mapiko. Ndege ikayenda pang'onopang'ono kwambiri ndipo mphuno yakwera, mphepo imaleka kutsata phiko bwino ndipo phikolo limaleka kunyamula. A ntchitoyi amati stall. Ikathamanga kwambiri, mphepo ya pamwamba pa phiko imafika pa liwiro la mawu, ndipo ndege imayamba kunjenjemera. Pamene ndege ikwera, malire awiriwa amayandikana, ndipo kanjira kotsala pakati kamachepa. Nchifukwa chake kumwamba liwiro amaliyesa poliyerekeza ndi la mawu, muyeso wotchedwa Mach. Boeing 737 imayenda pa Mach 0.78.

Mapiko a jeti amapendekera kumbuyo kuti ithe kuthamanga chotero, koma mapiko oterowo ali ndi vuto lawo. Ndege imafuna kugwedeza mchira uku ndi uku, uku ikupendama mbali iyi ndi iyo, monga bwato pa mafunde. Pali makina oletsa kugwedezekaku, ndipo wozolowera kandege, amene amaponda zopondera za mchira kawirikawiri, ayenera kuphunzira kukhazika mapazi ake pansi.

Kutsika nako nkwa masamu. Jeti njoterera m'mphepo, sifuna kuchepetsa liwiro ndi kutsika nthawi imodzi. Oyendetsa amawerengera mamailo atatu a panyanja pa mafiti 1,000 alionse. Wochokera pa mafiti 35,000 ayambe kutsika patatsala mamailo 105, amene ali makilomita pafupifupi 195. Chotero ndege yochokera ku Johannesburg kupita ku Lilongwe imayamba kutsika idakali pamwamba pa dziko la Mozambique. Wodikira kuti ayambe waona bwalo adzalidutsa ali kumwamba.

Mutu umodzi susenza denga

Kusiyana kwachinayi, kumene ine ndiyesa kwakukulu koposa, sikuli pa zitsulo koma pa anthu. Wa kandege anaphunzitsidwa kudzidalira: amauluka yekha, amalankhula pa wailesi yekha, amaganiza yekha. M'jeti muli awiri. Mmodzi amaulutsa ndege, winayo amayang'anira mawotchi, amalankhula ndi a pansi ndi kuwerenga mndandanda wa zofunika kuchita, ndipo pa ulendo wotsatira amasinthana. Kawirikawiri amakhala anthu amene angokomana tsiku lomwelo. Kuti amvane, aliyense amanena mawu omwewo pa nthawi yomweyo monga buku la kampani lilamulira, ndipo ndege ikakhala pansi pa mafiti 10,000 macheza onse amaleka.

Kale kaputeni anali ngati mfumu yosatsutsika, ndipo wamng'ono ankaopa kumuwongolera. Pa 27 Malichi 1977, pa chilumba cha Tenerife, Boeing 747 inayamba kunyamuka mu nkhungu isanaloledwe, niwombana ndi 747 inzake imene inali idakali pamsewu. Anafa anthu 583. Mmodzi wa a m'chipinda cha oyendetsa anafunsa ngati ndege inayo yachoka, koma kaputeni anayankha motsimikiza napitirira. Pa 28 Disembala 1978, ku Portland m'dziko la America, DC-8 inazungulira pafupifupi ola lathunthu kaputeni akulimbana ndi vuto la matayala, mpaka mafuta anatha. Anzake anatchula za mafuta koma mopanda mphamvu, ndipo anafa anthu 10.

Ngozi zimenezi zinabala phunziro latsopano lotchedwa CRM, limene kampani ya United Airlines inayamba kuphunzitsa mu 1981 ndipo tsopano lili ponseponse. Limaphunzitsa wamkulu kufunsa ndi kumvera, ndi wamng'ono kunena poyera chimene waona, mwaulemu koma mosazungulira, ndi kubwereza mokweza ngati sanamveke. Ife amene tinaleredwa kuti tisayankhe akulu tiyenera kulingalira bwino pamenepa. Ulemu ngwabwino, koma makolo omwewo anatiuza kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. M'maiko a ku Ulaya munthu saloledwa kuyamba kuphunzira jeti yonyamula anthu asanachite maphunziro ogwirira ntchito awiriawiri, a maola 25 m'kalasi ndi maola 20 m'makina oyeserera.

Ndege yosachoka pansi

Makina oyesererawa, otchedwa simulator, ndiwo mtima wa maphunziro onse. Woyamba kupanga makina otere amene anafala anali Edwin Link wa ku America mu 1929. A masiku ano ndi chipinda chenicheni cha oyendetsa, chokhala ndi batani lililonse pamalo pake, choimikidwa pa miyendo isanu ndi umodzi yoyenda. Pa mawindo pamaoneka bwalo, mapiri, mvula kapena usiku, ndipo chipindacho chimapendama ndi kugwedezeka kotero kuti thupi limakhulupirira kuti likuuluka.

Kale zoopsa ankaziyesera m'ndege yeniyeni, ndipo ambiri anafa pophunzira. Pa 30 Malichi 1967, ku New Orleans, DC-8 imene inali kuyesera kutera ngati kuti mainjini awiri afa inagwera pa nyumba za anthu ndi nyumba yogona alendo, ndipo anafa anthu 19, ambiri a iwo anali pansi. Mu simulator mphunzitsi angathe kuzimitsa injini pa V1 penipeni, kuyatsa moto, kuthawitsa mpweya kapena kubweretsa chimphepo. Wophunzira akagwa, mphunzitsi amaimitsa makina, amakambirana chimene chalakwika, ndipo amayambanso.

Chiphaso cha jeti chimaperekedwa pa mtundu umodzi wa ndege. Wodziwa Boeing 737 sangakwere Airbus A320 ndi kunyamuka. Ngakhale akhale kaputeni wa zaka zambiri, ayenera kukaphunziranso. Maphunzirowa amayamba ndi masabata a m'kalasi, kuphunzira magetsi, mafuta, mabuleki, mpweya ndi makompyuta a ndegeyo, ndi kulemba mayeso. Kenaka, monga mwa malamulo a ku Ulaya, pamabwera maola osachepera 32 m'makina oyeserera, ndi mayeso ena pamaso pa woyesa wovomerezedwa ndi boma. Wopambana amapatsidwa ndege yeniyeni yopanda anthu, nanyamuka ndi kutera kasanu ndi kamodzi. Atatero amayamba kunyamula anthu, koma pambali pake pali kaputeni wophunzitsa, kwa maulendo ambiri, kufikira atayesedwanso ndi kumasulidwa. Ndipo mayeso sathera pamenepo, pakuti m'maiko ambiri woyendetsa amabwerera mu simulator miyezi isanu ndi umodzi iliyonse mpaka tsiku lopuma ntchito. Amene mumadandaula ndi mayeso a pa teremu, mwamva.

Makina oyendetsa okha

Mwina wina adzati, nanga si jeti imadziyendetsa yokha? Nzoona kuti pa ulendo wambiri ndege imagwiridwa ndi makina otchedwa autopilot, koma makinawo amachita chimene auzidwa, chabwino kapena choipa. Wophunzira ayenera kudziwa nthawi zonse chimene makina akuchita, chifukwa chake, ndi chimene achite pambuyo pake. Ndipo makina akasiya, ndege imabwerera m'manja mwa munthu mosachenjeza.

Pa 1 Juni 2009 Airbus A330 inali pa ulendo wochokera ku Rio de Janeiro kupita ku Paris, usiku, pamwamba pa nyanja ya Atlantic. Timipope toyesera liwiro tinatsekeka ndi madzi oundana, ndipo autopilot inasiya. Amene anagwira ndege anakweza mphuno mpaka mapiko analeka kunyamula, ndipo ndege inagwa m'nyanja ndi anthu 228, mainjini ali bwinobwino. Miyezi inayi zisanachitike izi, pa 12 Febuluwale, ndege ya pulopela ya mtundu wa Q400 inagwa pafupi ndi Buffalo ku America, pamene kaputeni anakoka chiwongolero m'malo mokankha atachenjezedwa za stall. Anafa anthu 50.

Mankhwala a stall amaphunzitsidwa m'maola oyambirira pa kandege: tsitsa mphuno. Apa tikuona kuti zimene munthu anaphunzira pa Cessna sizitayidwa zonse. Zizolowezi zina amasiya, koma maziko amatsala, pakuti phiko la jeti limamvera lamulo lomwelo la chilengedwe. Kuyambira mu Disembala 2019, wofuna kuyamba ntchito pa ndege zazikulu ku Ulaya ayenera kuuluka maola atatu m'ndege yeniyeni, kawirikawiri kandege ka pulopela kotha kugubuduzika m'mwamba, kuti aphunzire kuwongola ndege itapendama moopsa, uku mtima ukugunda ndi mantha enieni amene simulator singapereke.

Maola angati akwana?

Pa funso ili maiko sagwirizana. Ngozi ya ku Buffalo itachitika, America inalamula kuti kuyambira mu 2013 ngakhale wothandiza akhale ndi maola 1,500, kupatula ochokera ku usilikali ndi ku makoleji ena, amene amachepetseredwa. Ku Ulaya ndi maiko ena ambiri wachinyamata wa maola ngati 200 angathe kukhala pampando wa kumanja wa A320, akapambana maphunziro onse aja. Mu 2006 ICAO inakhazikitsanso chiphaso china chotchedwa MPL, cha maola 240, ambiri a iwo a mu simulator, chokonzera munthu ntchito ya awiriawiri kuyambira pachiyambi.

Ine maganizo anga ndi akuti maola ali ndi phindu, pakuti munthu amene wakomana ndi mvula, mphepo ndi usiku kambiri sadzidzimuka msanga. Koma kuwerenga maola kokha sikukwanira. Oyendetsa onse awiri a ku Buffalo anali atapitirira kale maola 1,500. Ola lozungulira bwalo lomwelo kunja kuli ngwee silifanana ndi ola limene mphunzitsi wakuzimitsira injini mu nkhungu. Chofunika ndi chimene munthu waphunzira m'maolawo.

Nanga ife?

Njira imeneyi anthu a kwathu anaiyendapo. Air Malawi inalandira jeti ya BAC One-Eleven mu 1972 ndi Boeing 737 mu 1991. Kampani imene inalowa m'malo mwake, itayamba maulendo mu 2014 mothandizana ndi Ethiopian Airlines, inali ndi Q400 ndi Boeing 737. Q400 ili ngati mlatho pakati pa ndege ziwiri tayerekeza zija, pakuti ili ndi mapulopela koma ozunguzidwa ndi injini ya mtundu wa jeti, ndipo imayendetsedwa ndi anthu awiri. Atsikana asayese kuti nkhaniyi nja anyamata okha: mu Malichi 2017 ndege ya kampaniyo inachoka ku Blantyre kupita ku Dar es Salaam ikuyendetsedwa ndi akazi okhaokha, motsogozedwa ndi Kaputeni Yolanda Kaunda.

Sindibisa kuti maphunziro a ndege amafuna ndalama zambiri, ndipo ambiri amapita nawo kunja, monga ku South Africa kapena ku Addis Ababa. Pafunikanso maso, makutu ndi mtima wabwino, pakuti dokotala amayesa woyendetsa chaka ndi chaka. Koma zina zofunika zili kale m'manja mwathu. Masamu a kutsika ndi a mafuta ndiwo omwe timachita m'kalasi, kungoti kumeneko amawachita pamtima ndi mofulumira. Za mpweya, kutentha ndi mphamvu zili m'buku la Physics. Mitambo, mphepo ndi mapu zili mu Geography. Chingerezi ndicho chinenero cha pa wailesi ya ndege zoyenda pakati pa maiko, ndipo woyendetsa amayesedwa kuti achilankhule momveka.

Pamwamba pa zonsezi pali makhalidwe atatu amene sagulidwa ndi ndalama: kukonzekera chinthu chisanafike, kulandira chidzudzulo osapsa mtima, ndi kunena zoona kwa wamkulu pamene waona choopsa. Wokonda kuwerenga usiku womaliza mayeso ali mawa ayambe kusintha tsopano, pakuti m'mera mpoyamba, ndipo jeti silinda munthu woganiza mochedwa.